Zipi Yake Inali Kumsana

Ntchito yanga yoyamba ku Cape Town inali yokhala mkango. Sekani ndithu, ine ndinasiya kale kukwiya nazo.

Ndinafika kuchokera ku Dedza ndi chikwama chimodzi, n'kupeza kuti msuweni amene ndinkamudalira nayenso ankagona pa sofa ya eni ake. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi ku Bellville, mkulu wina wa mpingo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati akugula mbuzi. "Achimwene, kutentha mumapirira?" Ndinati kwambiri. Ine, mwana wa ku Dedza, wokulira m'chisanu! Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Anandipereka kwa mayi wina amene tonse tinkangomutchula kuti Madamu, mwini kakampani kosangalatsa ana pa maphwando okumbukira tsiku lobadwa. Anali ndi galimoto imodzi, nyumba zodumphira zopopa mpweya, makina otulutsa thovu la sopo, mabaluni aatali opinda tiagalu ndi timalupanga, komanso zovala za nyama. Malipiro anali ongonyambita, koma anandipatsa kachipinda kuseri kwa galaja, momwe ndinkagona moyang'anizana ndi mitu ya nyamazo. Ntchito ndi pogona zinamangidwa pa chingwe chimodzi. Ndinkadziwa kuti tsiku lothera ntchito ndi tsiku logona panja.

Chovala cha mkango chimavalidwa motere. Umayamba ndi kabudula ndi vesiti yokhala ndi timatumba ta ayezi. Kenako umalowa m'thupi la ubweya, lomwe mapazi ndi zikhatho zake n'zosokereratu, moti zala zako zimasanduka zopanda ntchito. Mutu ndi wa siponji yolimba, uli ndi chisoti mkati ndi lamba womanga pachibwano, ndipo pamwamba pali kafani koyendera mabatire. Umaonera ndi kupumira pa kaukonde kakuda ka m'kamwa mwa mkangowo. Pomaliza mnzako amakokera kolala pamwamba pa khosi la mutuwo n'kutseka zipi. Zipiyo inali kumsana. Wekha sungaifikire, ndipo isanatsegulidwe mutu suchoka.

Madamu anali ndi lamulo limodzi, ndipo analinena akundiloza ndi kiyi wa galimoto: "Mkango sulankhula, ndipo suvula mutu pamaso pa mwana. Tsiku udzachite zimenezo, udzanyamule chikwama chako."

Ana a zaka ziwiri kapena zitatu ndi makasitomala ovuta kuposa akuluakulu, chifukwa sadziwa kunamizira kusangalala. Ndinaphunzira kuti suwathamangira. Umagwada patali, n'kubisa nkhope ndi zikhatho ngati wamanyazi ndiwe, mpaka wolimba mtima mmodzi abwere kudzakukoka mchira. Akakukoka umadzidzimuka mokokomeza, ndiye onse amafa nalo phwete. Masewera akhale aafupi, asinthe mwana woyamba asanayang'ane kumbali. Ukaona wina akupinda mlomo, muonetse thovu la sopo, misozi imabwerera yokha. Ndipo pakatha mphindi makumi awiri uyenera kutuluka, kuvula mutu ndi kumwa madzi. Ntchito yonditulutsa inali ya Sipho, dalaivala wathu.

Nthawi zina ndili m'katimo ndinkadziseka. Ndili mwana ndinkathawa gule mpaka kutaya nsapato, ndipo mayi anga, munthu wa mvano, ankatiletsa ngakhale kusuzumira. Lero chilombo ndine. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu chilombo sichiyenda chokha, chimakhala ndi anthu ochiyang'anira.

Tsiku limene sindidzaliiwala linali Loweruka la mu Febuluwale, ku Claremont, pa phwando la kamtsikana kotchedwa Emma kamene kankakwanitsa zaka zitatu. Dzuwa linali loswa mtengo, mphepo yotchuka ya ku Cape Town itapita kutchuthi. Madamu anali atalandira maphwando awiri tsiku limodzi. Sipho atangonditseka zipi, foni yake inalira kuti nyumba yodumphira ya ku phwando linalo yaphwa. "Ndikubwera pompano, bhuti," anatero, ndiko kuti achimwene m'chinenero chawo, akuthamangira ku galimoto. Pompano wa kuno ndinali nditamudziwa kale.

Ndinavina, ndinakwawa, ndinakokedwa mchira. Ayezi anasungunuka n'kukhala madzi ofunda. Kenako kafani kanalira mofooka n'kuzima. Thukuta linkalowa m'maso, ine wopanda chala choti ndipukutire. Ndinapita kwa bambo ake a Emma, amene ankawotcha nyama ndi anzawo, n'kuwalozera kumsana kwanga. Iwo anaseka, anandisisita pamsanapo, wina n'kutijambula. Ndinabwerera kwa ana mtima ukugunda m'makutu. Ndinkaopa kukomoka n'kugwera mwana, komanso ndinkaopa kutsegula pakamwa, chifukwa mawu amodzi okha akanandichotsera denga.

Ndiye ndinaganiza nzeru. Ndinayasamula mokokomeza, n'kugona chagada pa kapinga pansi pa mtengo, kuti ana aone ngati mkango wagona ndipo andisiye. Ha! Ana aja anakhaladi chete, akuuzana kuti shii. Kenako wina anati mkango ukumva kuzizira. Anathamangira ku dziwe losambira n'kubwera ndi matawulo, wina nsalu ya patebulo, n'kuyamba kundifunditsa. Emma, mwini phwando, anabweretsa kabulangete kake kogonera, kamene amati sabwereka munthu aliyense. Anakhala pachifuwa panga n'kukayala bwinobwino pakamwa pa mkango, pa kaukonde kanga kopumira.

Kunada. Ndinayesa kudzuka, miyendo inakana. Mawu anatuluka okha, ndipo sanatuluke m'Chingerezi: "Mayo ine, ndikufa!"

"Iii! Muli munthu wakwathu m'menemu?"

Anali mayi wolera Emma, amene ndinkangomuona akutola mbale. Anachotsa kabulangete kaja, anaitana ana onse kuti keke yafika, ndipo atathamangira kukhonde anandidzutsa n'kundikokera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mabini. Anatsitsa zipi, anamasula lamba, n'kukankhira mutu wa mkango m'mwamba mpaka nkhope yanga inatulukira kunsi kwa nsagwada zake. Mpweya wa pa mabini aja unali wokoma kuposa uliwonse umene ndinapumapo.

"Ndine NyaBanda, wa ku Mzimba," anatero akundimwetsa madzi. "Pang'onopang'ono, achimwene. Mufere chidole? Abale anu tikawauze kuti chiyani?"

Koma kumbuyo kwawo kunali kutaima Emma. Anatitsatira kudzafuna kabulangete kake. Anayang'ana mano a mkango, anayang'ana nkhope yanga yonyowa ili pansi pa manowo, ndipo anakuwa mokweza moti mbalame zinathawa mumtengo: "Mkango wameza munthu!"

Ndinkayembekeza kuti athawa. Sanathawe. Anandigwira kolala ya vesiti ndi timanja take n'kuyamba kukoka, uku akumenya mutu wa mkango ndi kansapato. "Tuluka! Tuluka!" Ankalira, mamina ali chuchuchu, koma osandisiya. Ndinatulutsa mikono, kenako miyendo, mpaka ndinaima pa kabudula, chikopa chili pansi. Apo m'pamene anasiya kukoka. Anandisisita bondo n'kundifunsa ngati mkangowo wandiluma.

Pofika nthawiyo makolo ndi ana onse anali atatizungulira. Ana ena ataona mkango uli phwa pansi anayamba kulira, phwando n'kuthera pomwepo. Mayi ake a Emma sanandikalipire, anandipatsa mpando ndi juwisi, koma anaimbira ndithu Madamu foni kufunsa chifukwa chake munthu anasiyidwa yekha m'chovala chotere. Madamu sanakonde kufunsidwa. Nditabwerera ku Bellville madzulo, ndinapeza chikwama changa chili pageti. "Ndinakuuza," anatero ali pawindo.

NyaBanda anali atandipatsa nambala ya mlongo wawo wa ku Khayelitsha, ndipo kumeneko ndinagona pansi kwa miyezi ingapo. Chodabwitsa n'chakuti usiku woyamba ndinagona tulo tabwino, popanda mitu ya nyama yondiyang'ana.

Mpaka pano ndimasangalatsabe ana, koma pandekha, ndi mabaluni, thovu la sopo ndi nkhope yangayanga. Ndili nacho chovala chimodzi cha njovu, chimene telala wa ku Bellville anandisokera zipi kutsogolo, ndi chingwe chachitali choti ngakhale chikhatho chikoke. Achinyamata ongofika kumene akandiuza kuti apeza ntchito yokhala ndi pogona pomwe, sindiyamba ndi kufunsa malipiro. Ndimawafunsa ngati angathe kutulukamo okha.

Miyezi yonse ija anthu akuluakulu ankandijambula, kundisisita ndi kundiombera m'manja, ndipo ine ndemwe ndinkadziuza kuti ndili pa ntchito. Anaona zoona ndi mwana wa zaka zitatu. Mkango uja unali utandimezadi.