Chimatha ndi Mchere

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 6, pamene bambo anga anamwalira. Tinkakhala ku Zakazaka m'nyumba ya lendi. Anthu a pamaliro atabalalika, amalume anga a Yusufu, omwe ankachita geni ya nsomba zouma ku Songani, anatsalira kuti akambirane ndi amayi. Ine ndinali pakhonde ndikutsuka mbale zobwereka, chitseko chili chotsegula.

"Achemwali," anatero amalume, "sukulu ya mwanayu yatha basi. Ndimutenge azikalera ana kwathu, akayambeko moyo wina."

Amayi sanali munthu wokonda mikangano. Anayankha motsitsa mawu.

"Achimwene, chimatha ndi mchere m'botolo. Sukulu munthu amamaliza, apo ayi amaisiya. Ngati mukufuna aisiye, nenani choncho."

Amalume sananene choncho. Anamwa tiyi wawo, nakwera minibasi madzulo omwewo, ndipo panapita zaka asanapondenso pakhomo pathu.

Sabata yotsatira amayi anayamba kukwera phiri kukatola nkhuni. Ankanyamuka m'mamawa ndi amayi anzawo, n'kutsika dzuwa litakwera, atasenza mtolo wa paini wotalika kuposa iwo eni. Ndimakumbukirabe fungo la utomoni pa nkhata yawo, ndi zidendene zong'aluka ndi chisanu. Loweruka ndinkapita nawo. Nyengo ya chiperoni njira inkaterera, ndipo ankatsika chammbali, dzanja limodzi lili pamtolo, osalankhula ndi munthu mpaka titafika pa tala.

Zotsatira za Sitandade 8 zitatuluka, dzina langa panalibe. Ndinafika kunyumba ndikulira, n'kunena kuti zanga zatha. Amayi anali akumasula chingwe pamtolo, ndipo sanacheuke n'komwe.

"Sukulu ikatsegulira ukayambirenso," anatero.

Ndinabwereza kalasi pakati pa ana aang'ono kwa ine, ena akundiseka. Chaka chachiwiri ndinasankhidwa kupita ku sekondale.

Tsiku limene ndinalemba mayeso omaliza a Fomu 4, ndinakumana ndi a Abiti Saidi, omwe ankasenza nkhuni limodzi ndi amayi. Anandigwira dzanja pamsewu.

"Wamaliza, mwanangu, wachita bwino. Koma uwayang'ane mayi ako. Atha."

Nditafika kunyumba ndinawayang'anadi. Khosi linali litalowa m'mapewa, tsitsi la paliwombo litasosoka, ndipo podzuka pamphasa ankayamba agwira khoma. Ndinkawaona tsiku ndi tsiku, koma zimenezi sindinkaziona.

Nditayamba ntchito ya unamwino ndinawatenga, ndipo phiri sanakwerenso, ngakhale msana sunawasiye mpaka imfa yawo. Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti chimene anandiphunzitsa ndi kusasiya zinthu panjira. N'zoona ndithu, koma pali china chimene sanandiuze, chomwe ndachimvetsa ndili wamkulu. Munthu akamamaliza chinthu, penapake pamakhala china chimene chikutha. Kwathu anali amayi.