Wadson Kachingwe, Amene Analowetsa Mtondo Wanga mu Bandi

Pa Ulongwe pano aliyense ali ndi nkhani yake ya Wadson, ndipo ambiri amaikhotetsa. Ena amati anasokonezeka mutu ndi njala. Ena amati sing'anga wa ku nyanja ya Chiuta ndiye anamuuza kuti aziimbira mtondo. Ine ndine Anastasia Kachingwe, anganga ake, amene ndinabereka mayi wake ndiponso kumulera iyeyo ndi manja angawa. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5 yakale, imene ana a Fomu 2 a masiku ano sangaifike. Ndagula kope kuti ndilembe zoona zake, makamaka chifukwa cha iwe Emmie, mwana wa mlongo wake Judith, amene ukukwatiwa mwezi wamawa usakudziwa chimene unadya uli khanda.

Wadson anabadwa mu 1978. Mayi wake, mwana wanga Sofia, anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Bambo wake anakwera sitima pa Liwonde kuti akukafuna ntchito, ndipo ndikhulupirira akuifunabe. Mwanayu sankatha kudutsa chinthu osachigogoda: ndowa, chitseko, mutu wa Judith. Katekisiti wathu ataona zimenezi anamuika pa kiyibodi ya kwaya. Anakhalapo zaka zitatu, mpaka tsiku la Pasaka limene anaimba Aleluya mmodzi kwa nthawi yaitali moti mpunga unapserera m'nyumba zonse za Akatolika. Anamuchotsa. Ine ndinapita kukafunsa ngati pali malire a kutamanda Mulungu, ndipo yankho sindinalilandire mpaka lero.

Anasenza katundu pa depoti ya Liwonde zaka ziwiri n'kugula kiyibodi yakeyake, yogwirapo kale ntchito. Anagwirizana ndi Usumani, mwana wa msodzi wa ku Chiuta, amene anali ndi gitala ya besi, sipika ndi batire la galimoto. Wachitatu anali Kenneth, woimba pakamwa. Anadzitcha Ulongwe Magetsi Bandi, ngakhale panalibe mmodzi yemwe amene kwawo kunali magetsi.

Ankaimba Loweruka masana pakhonde la sitolo ina kuseri kwa msika, ndipo nyimbo inali imodzi patsiku. Wadson akadina kabatani, ng'oma zinkayamba zokha m'kati mwa makinamo, tsiki-tsiki-du, tsiki-tsiki-du, iye n'kumayendetsa zala pamwamba pake, kukwera, kutsika, kusochera, kubwereranso. Usumani ankatha kuika gitala pansi, kupita kumzikiti kukaswali, n'kubwera kupeza nyimbo ikadali yomwe ija, n'kulowa pomwe anasiyira. Kenneth ntchito yake inali mzere umodzi basi, womwe ankauponya akaona kuti anthu amuiwala.

Anthu ankaikonda bandiyi moopsa. Mkulu wa onse anali Raymond, wopalasa njinga yamatola, amene analemba dzina la bandi ndi penti pa keriya. Akamva tsiki-tsiki-du ankatsitsa kasitomala pamene wafikapo. Mayi wina anatsitsidwa ndi nkhuku zake pamlatho, mtunda usanathe.

Kenako inafika njala ya 2002. Inu obadwa pambuyo simungadziwe. Tinadya gaga, tinadya mango aawisi ophika, tinakumba zitsa za nthochi, ena ankapita ku Shire kukazula nyika. Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi chete. Mudzi umadziwika ndi kulira kwa mitondo m'mawa, koma chaka chimenecho mitondo inagona chafufumimba. Amene wapeza kachakudya ankasinjira m'nyumba, chiguduli pansi pa mtondo, musi akuutsitsa ngati akusisita mwana. Ukasinja mokweza, ukatukula mutu upeza mbale zisanu zikudikira pakhomo. Sikuti anthu anali oipa iyayi. Zinali zosakwana.

Mu Januwale momwemo Judith anabereka iwe Emmie, mkaka osatuluka. Unkalira ngati kamwana ka mphaka. Tsiku lina Wadson anakulunga kiyibodi m'bulangete, n'kumanga panjinga, n'kupita ku Chiuta. Anabwera patatha masiku atatu ndi matumba awiri a makaka ochokera kutsidya ku Mozambiki. Kiyibodi sanabwere nayo. Makakawo ndinawasinja mwakachetechete, ndi chiguduli pansi, monga wina aliyense. Judith anamwa phala, mkaka unabwera. Ndiye ukamva anthu akuti uli ndi mawu abwino kukwaya, usadabwe. Unadya kiyibodi.

Pofika mu Malichi makaka anali atatha, sitinatsale ndi kanthu. Wadson ankangokhala pakhonde kugogoda mawondo. Lolemba lina anauyang'ana mtondo wanga nthawi yaitali.

"Anganga, mtondowu ukugwira ntchito?"

"Ukuona ngati ukugwira ntchito?"

Anaulowetsa m'nyumba. Anathiramo mchenga wa kumtsinje ndi nthanga za bwemba, poti mtondo wopanda kanthu umang'ambika. Anaitana Usumani ndi Kenneth, anaika maikolofoni m'mbali mwake, anatseka chitseko. Kenako nyumba yanga inayamba kugunda. Thii! Thii! Thii! Pa sipika. Mawuwo anadutsa dambo, anafika mpaka kumsewu wa tala.

Taonani tsoka lake. Pamene tinali ndi chakudya, mtondo unkanong'ona. Pamene tinalibe ngakhale chogwira mkamwa, unakuwa mudzi wonse.

Sipanathe nthawi, ndinaona amayi akubwera ndi malichero ndi mabeseni. Patsogolo panali a Mwajuma, anansi anga a zaka makumi atatu, ogulitsa matemba.

"Odi kuno! Amake Sofia, Mulungu wakuonani eti? Ife tangomva thii, thii, tati tikathandize kupeta."

"Mulibe chimanga muno, a Mwajuma."

"Nanga akusinja ndani? Mizimu?"

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndikuvomera. Ndikanangotsegula chitseko. Koma Wadson anali atandipempha kuti, "Anganga, asaone munthu mpaka Loweruka." Komanso ndinaganiza: mdzukulu wanga, mwamuna wandevu zake, amayi onsewa amuone atagwira musi? Adzamuseka mpaka kumanda. Choncho ndinaima pakhomo, manja m'chiuno, ndikunena kuti m'nyumba mwanga simulowa munthu. Kumbuyo kwanga nyumba ikuti thii, thii.

A Mwajuma anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Chabwino. Tamva." Anavundikira lichero pamutu n'kutembenuka, onse n'kuwatsatira.

Lachitatu kumjigo amayi anasuntha ndowa zawo nditafika. Lachinayi ana ankaimba panjira kuti kwa Kachingwe n'kwa omana. Inu musaone ngati zazing'ono. Kumtunda kuno kuli banja limene mpaka lero limatchedwa a Tsekachitseko chifukwa cha zimene agogo awo anachita pa njala ya 1949. Adzukulu awo ndi anthu abwinobwino, koma pamaliro pawo anthu amafika mochedwa n'kuchoka msanga. Dzina lotere silichoka ndi sopo. Ndinamuuza Wadson kuti, "Iwe, Loweruka likadutsa dzinali lisanachoke, mtondo ndi sipika zonse ndikaziponya mu Shire, iwenso pambuyo pake."

Loweruka Wadson ananyamula mtondo m'chiguduli kupita nawo kusitolo kuja. Ine ndinavala chitenje changa cha amayi a mpingo n'kukakhala kutsogolo penipeni. Anthu anadzaza. Anali owonda, malamba ataboola mabowo atsopano, koma anabwera, poti bandi inali itakhala chete miyezi iwiri. Raymond anaimika njinga yake pafupi ndi sipika ataipukuta.

Wadson anavundukula chiguduli.

"Abale anga," anatero, "lero takubweretserani sitayilo yatsopano. Ku Joni ndi imene yavuta."

"Kiyibodi ili kuti?" anafunsa Raymond.

"Ili ku sevisi."

"Ku sevisi? Achimwene, kiyibodi ndi minibasi?"

Wadson anakweza musi. Thii! Usumani analowa ndi besi. Kunena zoona, m'makutu mwanga zinkamveka bwino, koma ine ndine anganga ake. Anthu ena sanamve choncho.

"Tibwezereni tsiki-tsiki-du!"

"Tabwera ku dansi kapena kuchigayo?"

"A Wadson, mukamaliza mukatichapirenso mbale!"

Zimenezo zinali zoseka chabe. Koma bambo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Akutinyoza ameneyu! Kwawo akudya, ndiye wabwera kudzatisinjira pamaso!" Mawu amenewo anayenda m'gulu ngati moto wa lupsa. Wina anaponya koko la mango, linagunda Kenneth asanaimbe n'komwe mzere wake. Raymond anatola msomali n'kuyamba kupala dzina la bandi pa keriya. Anali atachotsa kale "Ulongwe" yense pamene a Mwajuma anaika dengu la matemba pansi n'kukwera pakhonde.

"Taima iwe mwana. Ndione chimanga chimene chikutisowetsa tulo."

Anapisa dzanja mumtondo. Anatulutsa, anayang'ana, ananunkhiza. Anapisanso mpaka m'chigongono. Sankadziwa kuti pakamwa pawo pali pafupi ndi maikolofoni.

"Wallahi, ndi mchenga! Mchenga ndi nthanga za bwemba! Amake Sofia, sabata yonseyi takhala tikukujedani chifukwa cha mchenga? Anthu inu, kwa Kachingwe kulibe kanthu! Ndi amphawi ngati ife tomwe!"

Msika wonse unamva, ngakhale amene anali m'minibasi pamsewu. Chibadwire sindinanyadepo ngati tsiku limenelo, pamene umphawi wanga unalengezedwa pa sipika. Ndinaimirira n'kutembenuka kuti aliyense andione bwino.

Usumani ndiye anaulula zotsalazo, Wadson akumuponda phazi kuti asiye. Anati kiyibodi inawoloka Chiuta pa bwato, ikuimbira a ku Mozambiki, ndipo inabwerera kuno ngati makaka a mwana wa Judith. Raymond anayang'ana msomali uli m'manja mwake.

"Achimwene, mukanangonena."

"Ndikananena, mukanabwera kudzaonera munthu wopanda kiyibodi?"

"Iyayi."

"Basitu."

A Mwajuma anali asanatsike. Analanda musi m'manja mwa Wadson. "Komanso iwe, kusinja kwanji kumeneku? Ukuchita ngati ukupha njoka. Ine ndinadziwa kuti m'nyumba muja muli zachilendo, mkazi sasinja chonchi." Anaitana mng'ono wawo kuti abwere ndi musi wachiwiri kuchokera kuseri kwa sitolo. Anamanga zitenje m'chiuno, anaima moyang'anizana, n'kuyamba kulandizana monga timachitira pokonola: uyu akatsitsa, uyo akukweza. Thi-thi, thi-thi, thi-thi, nthanga za bwemba zikuchita phokoso lake m'katimo. Wadson anagwada n'kumamenya m'mbali mwa mtondo ndi timitengo tiwiri. Besi inalowa pansi pake. A Mwajuma anayambitsa nyimbo yongopeka pomwepo:

"Sinja, sinja, mchenga sudyeka,
koma mtondo usaiwale ntchito."

Kenneth anautola mzerewo, ndipo kwa nthawi yoyamba pa moyo wake anaimba kosalekeza. Amayi anayamba kuvina, ena akulira, poti anali asanamve misi iwiri ikuyankhana kuyambira Khirisimasi. Kuvina kwake kunali kwapang'onopang'ono, kwa anthu opanda kanthu m'mimba, ndipo nyimbo inatha msanga kusiyana ndi kale, patangotha ola limodzi. Raymond anaima pambali manja atapinda, koma mwendo wake wakumanzere unkagunda pansi. Nditamufunsa anati ndi dzanzi.

Kuchokera tsiku limenelo Ulongwe inagawikana pawiri, a Kiyibodi ndi a Mtondo. A Kiyibodi ankati bandi inafa mu Januwale, chatsalachi ndi chigayo. Ankabwerabe Loweruka lililonse kuti adzanene zimenezo. Titakolola, amayi anayamba kubwera ku dansi ndi chimanga chawo, kuchotsa mchenga uja, n'kumakonola ulere uku akuvina, mzere mpaka kumsewu. Raymond anati, "Mwaona? Ndinanena ine." Pa keriya yake panatsala mawu akuti "Magetsi Bandi" okha, ndipo sanawapale kapena kubwezeretsa enawo.

Lero Wadson ali ndi zaka zopitirira makumi anayi, mkazi wabwino ndi ana atatu. Amakonza mawailesi ndi mafoni pafupi ndi depoti ya Liwonde, pomwe ankasenza katundu paja. Anagulanso kiyibodi ina, ndipo anajambula kulira kwa mtondo wanga n'kukusunga m'kati mwake, moti akadina kabatani umagunda wokha. Mukudziwa amene anakwiya? Raymond yemweyo, imvi zili mbuu. Akuti mtondo wa m'makina ulibe moyo, bandi yagulitsa mwambo wake, abwezere weniweni.

Ndiye Emmie, pa ukwati wako atsibweni ako adzaimba, ndipo ndalamula kuti mtondo weniweniwo udzakhalepo. Unang'ambika mbali imodzi, tinaumanga ndi waya, koma mawu ake akadalipo. A Mwajuma akuti msana sukuwalolanso kusinja, koma adzakhala pafupi kuti adzadzudzule amene adzagwire musi. Akuchimuna akadzafunsa kuti mtondo ukutani pa ukwati wa mtsikana wophunzira, udzawapatse kope ili.

Za omana zija zinathera pakhonde la sitolo tsiku lomwe lija. Koma anthu a kuno sangakusiye wopanda dzina. Mukatsika minibasi pa Ulongwe n'kufunsa kwa Kachingwe, ena adzakanda mutu. Mufunse kuti kwa Amchenga ndi kuti. Ngakhale mwana adzakulozerani, ndipo ine ndimayankha.