Chigubu cha ku Esiteti

Ndikamasenda adyo, fungo lake limandikumbutsa chigubu chimene bambo anabweretsa kuchokera ku esiteti ya tiyi ndili mwana. Munkakhala mankhwala ophera udzu. Amayi anachitsuka ndi phulusa, koma fungo silinachoke.

"Abambo ake, chigubuchi chikununkhabe," anatero amayi.

"Fungo silipha munthu. Muzitungiramo madzi."

Amayi anatunga madziwo, koma ife anatiletsa kumwa. Anathirira galu wanga m'mbale yake.

Kutacha galuyo ankangosanza pansi pa nthochi, m'kamwa mukununkha adyo. Masana anaferatu mutu uli pamiyendo panga.

Bambo ataweruka anamuyang'ana galuyo. Amayi anathira madzi a m'chigubumo m'kapu, n'kugwada pamaso pawo.

"Imwani, abambo ake. Paja fungo silipha munthu."