Maukwati Amene Achimwene Anasiya M'kompyuta

Maliro atangotha, anthu anayamba kugogoda pachitseko. Sanali odzapepesa ayi. Ankafuna mavidiyo awo.

Malemuyo anali wojambula maukwati. Matenda atamugwira ankajambulabe, koma mphamvu zokhala pa kompyuta n'kumakonza zojambulazo zinamuthera. Mkazi wake anali atatsogola kale. Anasiya ana awiri aakazi, kamera, kompyuta yokalamba, ndi mlongo wake wamng'ono amene analephera mayeso kawiri n'kumangogulitsa majumbo pamsika. Ameneyu ndiye ndikufuna mumumve, inu amene mukuti zanu zavuta.

Achibale anagwirizana msangamsanga, monga amachitira pakakhala katundu: zipangizo zigulitsidwe, mwana wamkulu apite kwa amalume, wamng'ono kwa msuweni wina wakutali. Anawo atamva anangogwirana madiresi, kulira komwe osalira.

"Ndipatseniko nthawi," anatero mtsikanayo. "Ntchito ya achimwene ndiigwira ine. Ana okhawa asasiyane."

"Iweyo? Poyatsira pake ukupadziwa?" anafunsa amalume. Komabe anamulola, poganiza kuti akalephera adzabweretsa yekha anawo.

Poyatsira anapapeza. Mnansi wina anamupezeranso kantchito kojambula phwando. Anajambula, koma pofuna kuthira zojambulazo mu kompyuta, inakana: malo adzaza. Kamzere kosonyeza malo kanali kofiira mpaka kumapeto. Mwini phwando anadikira, anatopa, anadzatenga zojambula zake n'kupita nazo kwa wina. Mawu amene anasiya pakhomopo sindingawabwereze pano.

Mtsikanayo anainyamula kompyutayo mpaka kwa wokonza.

"Siikudwala iyi, yangokhuta," anatero wokonzayo. "Gulani chosungira china, apo ayi fufutani zonsezi. Ndi kanthawi kochepa."

Chogulira analibe. Nanga kufufuta? Zimene zinadzaza mmenemo anali maukwati a anthu ogogoda aja, osakonza ngakhale umodzi. Tsiku limenelo anakhala pamasitepe a sitolo, kompyuta ili pamiyendo, n'kulira mpaka mlonda anamuthamangitsa.

Panatsala njira imodzi, yowawa: kumaliza ntchito za malemu imodziimodzi, kupereka kwa eni ake, kenako n'kufufuta kuti malo apezeke. Kamalo kotsala kankangokwana kukonzerapo ukwati waung'ono kwambiri, ndipo anayamba ndi umenewo. Wokonza uja anamusonyeza podula ndi polumikiza, zina anaphunzira polakwitsa. Kompyuta inkaima pakati pa ntchito, ikutentha ngati mbaula, zonse n'kutayika. Iye ankayambiranso. Anaphunzira kukonza kachigawo kamodzi, kukasunga, n'kupita pa kena. M'mawa majumbo pamsika, masana pa kompyuta, maso ali psuu.

Musaganize kuti onse anathokoza. Mayi wina, ataitanidwa kuti abwere ndi fulashi yotengera vidiyo ya ukwati wake, anangoyankha kuti, "Mwachedwa, achemwali. Banjalo linatha kalekale. Fufutani." Ntchito ya masabata inapita choncho. Koma bambo wina anaonera vidiyo ya ukwati wake ali chiimire, ndipo ataona malemu mayi ake akuvina kutsogolo kwa akwati, anakhala pansi pasimenti n'kuphimba kumaso. Bambo ameneyu ndiye anayamba kuuza anzake kuti kuli mtsikana wodziwa ntchito.

Kamzere kofiira kanayamba kubwerera m'mbuyo. Maukwati atsopano anayamba kulowa, ana anabwerera kusukulu, ndipo amalume akaimba foni sankafunsanso za katundu.

Tsono apa ndi pamene nkhaniyi imandiwawa. Wojambula saoneka mu vidiyo, koma amamveka. M'zojambula zosakonza zija, kuseri kwa kamera, munali mawu a malemu: kuuza akwati kuti asunthe, kuseka ndi operekeza, kutsokomola. Pokonza, mawu otere amaphimbidwa ndi nyimbo, ndipo zosakonzazo n'zimene iye ankafufuta. Pothamangira malo, sanaganizepo n'kamodzi komwe.

Akukonza ukwati womaliza wa malemu, mwana wamng'ono anadutsa kumbuyo kwake ndi beseni la zovala, n'kuima.

"Azakhali, amenewo ndi adadi."

Apa mtsikanayo anazindikira chimene anachita. Miyezi yonseyi, ndi chala chake chomwe, wakhala akufufuta mawu a bambo wa anawa, kuseka kwawo konse, kuti apeze malo. Anathamangira kwa wokonza uja, koma anamuuza kuti pamalopo panalembedwa kale zina, sizingabwerere.

Anamvetsera ukwati womalizawo kuyambira poyamba mpaka pothera. Achimwene anaujambula atafooka kale, sankalankhulanso kwenikweni. Kupatula kutsokomola kumene mwana uja anakuzindikira, anapezamo mawu anayi okha, otsatiridwa ndi chifuwa: "Dikirani kaye, batire latha."

Anawadula mosamala, nawasunga. Anaitana ana onse awiri, anawamvetsera mobwerezabwereza, atatuwo akulira atapanikizana pampando umodzi. Kenako anapukuta m'maso, anamaliza ukwatiwo, anaupereka kwa eni ake, n'kufufuta zotsalazo. Loweruka kunali ntchito ina, ndipo inkafuna malo.

Lero mtsikana uja ndi mayi, ali ndi situdiyo yake, ndipo zosungira zadzaza shelefu yonse, zina zosatsegula n'komwe. Zinabwera mochedwa. Ana aja anakulira denga limodzi. Wamkulu ndiye amagwira kamera tsopano. Zonse zimene akudziwa za mawu a bambo awo ndi za batire basi, koma amazimvetsera ali limodzi.

Sindikunamizani kuti mukalimbikira zonse zidzabwerera. Zina mudzataya, ndipo zidzakuwawani mpaka kale. Koma ngati lero paliponse pakukanani ndipo malo akutherani, musathawe. Yambani ndi kantchito kakang'ono kamene kangakwane, mukamalize, mutenge kena. Pali wina amene wagwira diresi la mnzake, akudikira kuona ngati mupirire. Chifukwa cha ameneyo, mtima wanuwo musautaye.