Chikole cha m'Paipi

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akazi awo okha. Ena onse ankangoti a Sadontha. Anali pulambala, bambo wamfupi wa mawondo otuwa chifukwa chogwada pansi pa masinki a anthu, ndipo dzinalo analipata ndi manja awo: paipi imene alumikiza iwo inkakalamba osatulutsa ndi kadontho komwe. Galimoto analibe, nyumba inali ya lendi, koma dzina anali nalo. Akazi awo ankawaseka kuti dzinalo likanakhala lodyedwa, bwenzi ana ali ndi masaya.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa amalume awo, munthu amene sankakhulupirira aliyense wovala tayi. Amalumewo anali ndi kachitidwe kawo. Akamaliza kuyala mapaipi a nyumba yaikulu, ankapinda saka, n'kulimanga ndi waya, n'kulikankhira m'paipi yotulutsa zonyansa, nsonga ya wayayo n'kuibisa m'dzenje loonera mapaipi. Ankati chimenecho ndi chikole. Akalipidwa, ankabwera ngati akudzangoyendera ntchito n'kusolola sakalo. Akapanda kulipidwa, nyumbayo inkawalankhulira yokha. A Sadontha zinkawanyansa zimenezi, ndipo mpaka imvi kuyamba anali asanazichitepo.

Kenaka kunabwera ntchito yomanga chipatala cha amayi oyembekezera. Amene anaipata anali kontilakitala wina womwetulira, yemwe amisiri anamutcha Bwana Lachisanu chifukwa aliyense womufunsa malipiro ankamuuza kuti abwere Lachisanu. Mapaipi onse anawapereka kwa a Sadontha, n'kuwasisita paphewa kuti ayambe kaye ndi zawo, ndalama ili m'njira. Iwo anatenga zipangizo pangongole kusitolo, n'kugwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Ankati mwina mdzukulu wawo adzabadwira momwemo.

Malachisanu anadutsa ambiri. Bwanayo anasintha galimoto, foni yake n'kuyamba kungoitana osayankhidwa. Mwini sitolo anasiya kuwapatsa moni, mwini nyumba nayenso anayamba kugogoda m'mawa uliwonse. Tsiku lomaliza ntchito a Sadontha anaima pa dzenje loonera mapaipi, mtima ukuwawa chifukwa chodyeredwa masuku pamutu. Pafupi panali saka lopanda kanthu. Analipinda n'kulikankhira m'paipi monga ankachitira amalume awo, n'kudziuza kuti ndi za masiku ochepa chabe, poti chipatalacho chinali chisanatsegulidwe.

Atawauza akazi awo za sakalo, mayiwo anasiya kuchapa.

"Inuyo, bambo a ana? M'chipatala?"

"Akangondilipira ndikachotsa. Palibe adzadziwe."

Amisiri ena, wa magetsi ndi wa malata, anawauza za bungwe limene limapereka malaisensi kwa makontilakitala. Anati kumeneko Bwana Lachisanu akagwada. Anapita onse atatu, atavala zovala za kutchalitchi, n'kukhala pabenchi m'khonde lonunkha polishi. Anabwezedwa kangapo, koma kenaka nkhani yawo inamvedwa. Akuluakulu a bungwelo anagwedeza mitu, n'kugamula kuti laisensi ya bwanayo ilandidwe. Wa magetsi anaomba m'manja. A Sadontha anafunsa mwaulemu kuti nanga ndalama akatengere pawindo liti. Mlembi anawayankha mokoma mtima kuti bungwelo limalanga, sililipira. Za ndalama n'zakukhoti, ndipo kukhotiko kumafunika loya.

Bwana Lachisanu anawapeza pamasitepe, akumwetulirabe. "Mwandidula manja, madala. Tsopano ndikulipirani ndi chiyani?"

Walira mvula walira matope. Mawa lake a Sadontha anathamangira kuchipatala kuja kuti akasolole waya wawo, koma anapeza geti lili ndi loko watsopano ndi mlonda wachilendo. Mlondayo anati analamulidwa kuti munthu aliyense wa kontilakitala wakale asaponde mkati. Anamuchonderera kuti anaiwalamo sipanala, iye n'kukanitsitsa. Kunena zoona sakanatha, poti kadandaulo kawo kakanatayidwa, iwonso n'kumangidwa chifukwa chowononga ntchito. Anabwerako masiku angapo, akumasuzumira pa mpanda wa malata. Tsiku lina anaona anthu a kontilakitala watsopano akuthira konkire pabwalo lonse, mpaka kukwirira dzenje lija ngati kulibe. Anakhala pansi m'mbali mwa msewu.

Kuyambira pamenepo tulo tinawathawa. Akamva madzi akutsika m'paipi ya nyumba iliyonse, ankakumbukira saka lija. Chipatala chinatsegulidwa ndi nyimbo ndi maluwa. Bwana Lachisanu naye anaonekanso m'tauni, galimoto yake italembedwa dzina la kampani ina, ya mlamu wake.

A Sadontha anabwerera pakhonde la sitolo ya zipangizo, pomwe amisiri amakhala kudikira ganyu. M'mawa wina panaima kapitawo wa kontilakitala watsopano uja, thukuta lili kamukamu, kufunsa ngati pali pulambala wodziwa mapaipi otsekeka. Anati zimbudzi za chipatala zikubweza, ndipo amene anawaitana poyamba alephera. A Sadontha anaimirira kapitawoyo asanamalize kulankhula.

Fungo linawalonjera pageti. M'khonde madzi akuda anali atafika m'zipinda, amayi a mimba zazikulu akuyenda mogwira khoma, ataponda njerwa zimene wina anayala. Mayi wina wokolopa, nsapato zili m'manja, ankakankhira madziwo panja, koma madziwo ankangobwereranso. A Sadontha ankadziwa pomwe panali saka monga munthu adziwira dzino lomupweteka, koma kupita molunjika kukanawaulula. Anayamba kugogoda konkire apa ndi apo, akutchera khutu ngati akufufuza, misozi ya manyazi ili m'maso. Atamva khanda likulira mkati sanathenso kunamizira. Anagwada pamalo pake n'kuyamba kuswa.

Dzenje litaoneka, analowetsa dzanja mpaka m'phewa, nakoka waya. Saka linatuluka lakuda bii, mapaipi n'kupuma, madzi n'kuyamba kutsika bwinobwino, monga momwe iwo anawayalira. Anthu anaunjikana kudzaona. Mayi wokolopa uja analavula pansi n'kunena kuti amene anachita zimenezi kwa amayi odwala, Mulungu amuone.

"Tafunsa kubungwe," anatero kapitawo. "Akuti mapaipi awa anayala ndi wina wake wotchedwa Sadontha. Tauza kale makontilakitala onse kuti asadzamupatsenso ntchito. Munamumvapo, madala?"

"Ndinamumvapo," anayankha iwo, akupukuta dzanja ndi udzu.

Kapitawo anatulutsa ndalama pang'ono m'thumba n'kuwapatsa pomwepo, osati Lachisanu. Inali ndalama yokhayo imene a Sadontha analandirapo pa nyumba imeneyo, ndipo sinkakwana ngakhale guluu amene anamatira mapaipiwo. Kenaka anawayamikira kuti ali ndi khutu labwino, n'kutulutsa foni kuti asunge nambala yawo, poti anthu okhulupirika akusowa masiku ano.

"Ndilembe kuti ndani?"

A Sadontha anayang'ana saka lija lili pakonkire, ntchentche zitayamba kale kulizungulira.

"Ingolembani kuti pulambala," anatero. "Dzina ndilibe."