Kalata Imene Ndinataipa

Kalata ija ndinataipa ndine. Ndiyambe ndi zimenezo, chifukwa kukhoti sindinanene.

Anthu othawa nkhondo ku Mozambiki anali atadzaza kale midzi yathu ya ku Chowe pamene kampani ina inabwera kudzakumba miyala paphiri la kuseri kwa mudzi. Inakhoma zikhomo zofiira kudutsa m'munda wa amayi anga mpaka kumanda. Amuna anga, mkamwini chabe wochokera ku Nkope, anakhala pansi mumsewu pamodzi ndi anthu a m'mudzi kuti mathirakitala asadutse. Kenako anthu anati tilembere boma. Ine ndinali ndi satifiketi ya utaipi ya ku koleji, ntchito ndilibe, mwana kubere. Makina ndinabwereka kwa kalaliki wina wopuma ntchito.

Ku koleji anatiphunzitsa kuti kalata izikhala yolongosoka. Choncho aliyense wodinda chala ndinamulemba dzina lonse pambali pake, ngakhale Amozambiki amene tinawabwereka minda. Pansi penipeni, kumanzere, ndinaika zilembo ziwiri zoyamba za mayina anga, monga amachitira wotaipa aliyense. Zala zinangochita zokha.

Apolisi atabwera sanavutike n'kufufuza. Ankangowerenga kalata yanga, munthu n'kukwera galimoto. Amuna anga nawonso anakwera.

Tsiku la mlandu amayi anandigwira mkono pakhomo pa khoti.

"Ukakhale kumbuyo, mwana pabere. Ukangotsegula pakamwa, wallahi, ndikutsina pamaso pa majisitireti."

"Amayi, komatu amuna anga sanalembe."

"Iwo ali ndi mkaka? Ukamangidwa iwe, uyu ayamwa chiyani, chala changa?"

M'katimo za minda sizinamveke. Za manda sanatchule n'kamodzi komwe. Wapolisi woimira boma anati mlandu ndi wosonkhana popanda chilolezo, kuopseza antchito, ndi kukopa alendo a kunkhondo kuti asokoneze mtendere. Wamkulu pa zonsezi, anatero, ndi amene analemba. Anakweza kalatayo m'mwamba, n'kuyang'ana amuna anga.

"Anataipa ndani? Zilembo zili pansizi si za dzina lanu."

"Ndine, bwana."

"Inuyo? Taonetsani manja. Aa! Munkataipa ndi nkhafi kapena?"

Anthu anaseka. Manja a amuna anga ndi a msodzi, zala zinauma ndi zingwe za khoka la chilimira.

"Ndinkajompha ndi chala chimodzi, bwana, tsiku lonse. Zilembozo ndinangophonya."

Sanatembenuke kundiyang'ana. Mwana anali atakhuta kale, akukankha bere, ine n'kumamukanikizabe mpaka anatsamwa. Ndimachita manyazi ndi zimenezi kuposa zina zonse. Ndinabisala kuseri kwa khanda.

Majisitireti analamula kuti Amozambiki apite nawo kukampu ya othawa nkhondo, chimanga chawo chili m'munda. Ena anawamasula ndi chenjezo. Wolemba kalata, kundende.

Ndinadzuka. Ndikulumbira, mawondo anawongoka ndithu. Amayi anagwira nsonga ya chitenje changa, osakoka n'komwe, kungogwira. Ndinakhala pansi ndekha. Ndikanakonda kunena kuti anandikoka.

Mwana tsopano akuyenda. A kampani akaphulitsa miyala kuphiri amathamangira m'miyendo mwanga, ndipo akaona mwamuna aliyense amalira. Mwezi watha ndinapita naye kundende kukaona bambo ake. Anabisa nkhope m'khosi mwanga, osalola kuti amugwire ngakhale phazi.

"Musiyeni," anatero amuna anga. "Wanenepatu. Akuyamwabe?"

Ndinati eya. Mkaka unauma sabata yomwe ija ya mlandu, koma ndinati eya.