Anditayira Apongozi ku Shopu ya Mafulemu

Shopu ina ya mafulemu kuno ku Sheffield yandichititsa manyazi oti sindidzaiwala.

Apongozi anga aakazi anabwera kudzatichezera kuchokera ku Dedza. Anatenga chithunzi chimodzi chokha chimene chilipo cha malemu amuna awo: ali pansi pa mtengo, akupereka tambala kwa mzungu wa mishoni. Chakale, chong'ambika m'makona. Ine kufuna kutchuka ngati mkamwana wabwino, ndinachitenga mwakachetechete kuti akachiike mu fulemu.

Lachiwiri, 9 koloko m'mawa, ndikuchokera ku shifiti kuchipatala, ndinachisiya. Mayi wa pakauntala anati ndisadandaule, iwo zinthu zakale amazidziwa. Zoonadi khoma lonse linali zojambula zakale za ku America: zombo, azungu a zipewa zazitali, eni dziko ovala nthenga kumutu.

Loweruka 2 koloko ndinakatenga. Anali atakulunga kale bwinobwino, ndi kariboni pamwamba. Ndikanatsegula bwanji mphatso ya apongozi?

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, nyumba yodzaza alendo, ine chitenje m'chiuno, ndinagwada n'kupereka ndi manja awiri. Amayi anamasula.

Mu fulemu munali azungu asanu atangotsika m'chombo, ndi bambo wa nthenga kumutu, chifuwa pamtunda, akuwapatsa nkhukundembo.

Alendo, poopa kundichititsa manyazi, anayamba kuwomba m'manja. Wina mpaka anati, "Koma nde chakongola!" Amayi anavala magalasi, kuyang'ana, kuyang'ananso, kenako anandifunsa mwaulemu wonse: "Mwanawe, bambo anu ndi ati apa?"

Ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Lolemba 9 koloko ndinali pakhomo pa shopu. Mayi uja anayang'ana mu kompyuta n'kunena kuti palibe cholakwika. Akuti pa kapepala kanga analemba kuti "mwini dziko akupatsa mlendo mbalame", ndipo pa ka kasitomala winanso analemba chimodzimodzi. Kenako, osachita manyazi, akuti zithunzizo n'zofananako ndithu.

Zofanana? Tambala ndi nkhukundembo? Dedza ndi America? Apongozi anga aamuna anali mphunzitsi komanso mkulu wa mpingo, wa tayi ndi jekete. Nthenga anavala liti?

Ndinati ndiitanireni bwana. Akuti ali ku tchuthi. Ndinafunsa kuti chithunzi chathu chili kuti. Akuti anatenga bambo wina amene akukongoletsa malo ake odyera ku Hull, koma nambala yake sangandipatse, malamulo salola. Ndiye malamulo amalola kupereka apongozi a eni ake kwa munthu wachilendo? Akuti amutumizira uthenga. Lero Lachinayi, kuli chete.

Moti panopa mkulu wa mpingo, munthu amene sanalawepo mowa moyo wake wonse, mwina wapachikidwa pamwamba pa mabotolo.

Kunyumba amuna anga akungondiyankha ndi mphuno. Amayi sanandikalipire, ndipo n'zimene zikundipweteka kwambiri. Dzulo ndinawapeza atakhala ndi chojambula chija pamiyendo. Anandifunsa kuti bambo wa nthengayo zinamuthera bwanji. Ndinati alendowo anadzamulanda dziko. Anapukusa mutu nati, "Aonekeratu. Wapereka ndi manja awiri ngati iwe."

Inu a shopu, amayi akukwera ndege Loweruka m'mawa. Anabwera ndi amuna awo m'chikwama, ndipo abwerera nawo. Mawa ndikubwera ndi mpando wanga, ndikhala pakhomo panupo mpaka mundibwezere apongozi anga.